David Livingstone ndi Kamba wa pa Ulendo Wace

Kumwera kwa dziko la Zambia, pafupi ndi mathithi akulu a Mosi-oa-Tunya, kuli mzinda wochedwa Livingstone. Mzindawo unayamba m'caka ca 1905, caka cimene anatsiriza kumanga mlatho wa njanje pa mtsinje wa Zambezi, ndipo kuyambira 1911 kufikira 1935 ndiwo unali likulu la dziko la Northern Rhodesia. Mwini dzinalo sanauone mzindawo ai, pakuti iye anapita pamalopo zaka 50 usanamangidwe.

Mbiri ya maulendo a David Livingstone imveka ponse ponse, koma ndi owerengeka okha amene amafunsa cimene munthuyo anali kudya m'maulendo ace atali aja. Masiku amenewo munalibe sitolo m'njira, ngakhale galimoto lakunyamula katundu. Cimene cinamsunga ndi moyo, iye pamodzi ndi anthu ace, ndizo mbeu za m'minda ya eni dziko: cimanga, mapira, mawere, nyemba ndi nsawa, zimene ena amati mtedza. Pamene mbeuzo zinalipo ulendo unayenda. Pamene zinasowa unaima.

Ubwana wace

David anabadwa pa 19 Marici 1813 ku Blantyre, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, m'dziko la Scotland. Makolo ace anali osauka, ndipo banja lonse linali kukhala m'cipinda cimodzi. Cimanga sicikula bwino m'dziko lozizira limenelo. Cakudya ca anthu osauka cinali phala la mbeu yochedwa oats, yokhala ngati tirigu.

Pokhala wa zaka 10 David analowa nchito m'nyumba ya makina opota thonje. Nchito yace inali kulumikiza ulusi woduka, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku. Poweruka anali kupita ku sukulu ya usiku, ndipo usana anali kuika buku pamwamba pa makina, namawerenga mau ocepa nthawi iri yonse popita pamenepo. Atakula anasunga ndalama zace, nakaphunzira using'anga ku Glasgow. Pambuyo pace a bungwe la London Missionary Society anamtumiza ku Afrika.

M'caka ca 1841 anafika ku Kuruman, mudzi wa misyoni umene Robert Moffat anamanga m'dziko louma la kumwera. Kumeneko anaona minda yothirira ndi madzi a m'ngalande. M'caka ca 1844, ali ku Mabotsa, mkango unamgwira numthyola dzanja lamanzere, koma anapulumuka. Caka cotsatira anakwatira Mary, mwana wa Moffat.

Cilala ca ku Kolobeng

M'caka ca 1847 Livingstone anasamukira ku mtsinje wa Kolobeng, m'dziko limene lero lichedwa Botswana, pamodzi ndi mfumu Sechele ndi anthu ace Akwena. Iye anawalangiza kuti atseke mtsinjewo ndi kukumba ngalande yopita kuminda. Anthu anagwira nchitoyo ndi mtima umodzi, ndipo caka coyamba minda inabala. Koma zaka zotsatira mvula inakana, kufikira mtsinje womwe unaphwa.

Njala inalowa m'mudzi. Akazi anagulitsa mikanda ndi zokometsera zao kuti agule mapira kwa mitundu ina, ana namayendayenda m'thengo kufuna mizu. M'nyumba ya Livingstone momwe ufa unatha, ndipo nthawi ina anadya gaga, amene anayenera kumpera katatu kuti asalale. Ndiwo zao masiku ena zinali dzombe lokazinga.

Pamenepo Livingstone anazindikira kuti sukulu ndi nyumba ya mapemphero sizingakhazikike pamalo pamene mbeu sizimera. Cifukwa cace anayamba kuyang'ana kumpoto, kufuna dziko la madzi. M'caka ca 1849 anaoloka cipululu ca Kalahari pamodzi ndi bwenzi lace William Oswell, nafika ku nyanja ya Ngami. M'caka ca 1851 anakomana ndi Sebitwane, mfumu ya Amakololo, naona mtsinje wa Zambezi ku Sesheke. Sebitwane anamwalira caka comweco, ndipo pambuyo pace ufumu unagwera mwana wace Sekeletu. Livingstone anatumiza mkazi wace ndi ana ku Ulaya, kumene anakhala mobvutika zaka zinai osamuona.

Cinangwa ndi nsawa

M'mwezi wa Novembala 1853 Livingstone ananyamuka ku Linyanti, mudzi wa Sekeletu, kufuna njira ya ku nyanja yamcere ya kumadzulo. Mfumuyo inampatsa amuna 27. Cakudya cimene anatenga cinali cocepa ndithu: khofi, tiyi, shuga ndi mabisiketi owerengeka. Zina zonse anayembekeza kuzipeza m'njira. M'cigwa ca Alozi anadya bwino, pakuti kunali ng'ombe, mkaka ndi mbeu zambiri. Koma atalowa m'nkhalango za dziko la Alunda anapeza kuti cakudya cacikulu kumeneko ndico cinangwa. Anafika ku Luanda pa 31 Meyi 1854 ali woonda ndi wodwala malungo.

Ku Luanda kunali zombo zimene zikadamtengera kwao, koma iye anakana, popeza analonjeza kubwezera amuna aja kwa mfumu yao. Pa ulendo wobwerera, m'caka ca 1855, anakhala masiku ambiri akudya ufa wa cinangwa wokha wokha. Mimba inali kukhuta, koma thupi linali lofooka, ndipo maso ace anayamba kuona mwacimbuuzi. Pokhala sing'anga, anayang'anira bwino cimene cinali kumcitikira, napeza kuti akadya cinangwaco pamodzi ndi nsawa zobvutazo sizinali kuoneka. Anaganiza kuti cithandizoco cicokera ku mafuta a m'nsawa, nalemba zimenezi m'buku lace lochedwa Missionary Travels, limene linasindikizidwa m'caka ca 1857.

Lero anthu ophunzira za cakudya adziwa bwino cifukwa cace. Njere iri yonse iri ngati kankhokwe. M'kati mwace mugona kambeu kakang'ono, ndipo pozinga kambeuko pali kamba wakukadyetsa kufikira katamera mizu ndi masamba. Munthu akadya njere adya kamba ameneyo. Koma njere zisiyana. Cimanga, mapira, mawere, mcewere, mpunga ndi tirigu ziri ndi ufa wambiri wopatsa mphamvu ya kugwira nchito. Nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama ziri ndi cakudya comanga thupi, cimene cikuza mwana ndi kukonza mnofu wa munthu wodwala. Citowe ndi nthanga za maungu ziri ndi mafuta ambiri. Nsawa zipambana pakukhala nazo ziwiri pamodzi: pa magawo 100 a nsawa zouma, magawo ngati 25 ndiwo cakudya comanga thupi, ndipo pafupifupi theka ndi mafuta.

Cinangwa si njere ai, koma muzu. Ciri ndi ubwino wace, pakuti cipirira cilala, ndipo masamba ace ndi ndiwo zabwino. Koma m'muzumo cakudya comanga thupi sicifika ngakhale magawo 2 pa 100. Cifukwa cace munthu wodya cinangwa cokha, kapena nsima yopanda ndiwo zoyenera, angathe kukhuta masiku onse, thupi lace liri ndi njala. Cimene sing'anga wa ku Scotland anacizindikira ndi kudwala, akazi a m'midzi anali kucicita kale, posinja nsinjiro ndi kutendera ndiwo zao.

Munda wa pa cilumba

Livingstone sanali wakudya kokha, anakondanso kubzala. Pocokera ku Angola anthu ace ananyamula mphika wa dothi momwe munali timitengo ta malalanje, mapapaya, khofi, mkuyu ndi tina. Poopa kuti cisanu ca kumwera cingatiphe, anatioka m'mpanda wa nduna ina ya Shinte, mfumu ya Alunda, nalonjeza kuti mfumuyo idzalandirako gawo lace.

Anafika ku Linyanti m'mwezi wa Sepitembala 1855, napumula pang'ono, nakonzeka kutsata Zambezi kunka kum'mawa. Analibe cuma ciri conse cogulira cakudya kapena kulipira amtengatenga. Sekeletu ndiye anampatsa amuna oposa 100, ng'ombe 12, makasu ndi mikanda yogulira bwato, uci ndi mafuta a mkaka. Akazi anapera cimanga ca m'munda umene Amakololo anamlimira iye kulibe. Amai ace a Sekeletu anakazinga nsawa m'mafuta a mkaka, nathira mcere pang'ono, nadzaza thumba. Kwa Amakololo cimeneco cinali cakudya coyenera mfumu.

Ndi kamba ameneyo Livingstone anatsika ndi mtsinje, ndipo pa 16 Novembala 1855 anaona utsi wa mathithi uli tolotolo kutali. Amuna odziwa madziwo anampalasa m'bwato laling'ono kufikira pa cilumba cimene ciri pamphepete peni peni pa phompho. Pamenepo anasuzumira, naona mtsinje wa mamita 1,700 m'mimba mwace ulikugwera m'phompho lakuya mamita 100 ndi mphambu. Eni dziko anali kuwadziwa mathithiwo kuyambira kale, ndipo anali kupembedza pa zilumba zace. Koma iye ndiye Mzungu woyamba kuwaona ndi kulemba za iwo. Anawacha dzina la Victoria, mfumu yaikazi ya kwao.

M'mawa mwace anabweranso pa cilumbapo ndi nchito yina. Iye anayesapo kale kubzala mitengo ya zipatso m'dziko la Amakololo, koma inauma posowa woithirira. Tsono poona kuti pa cilumbaco pagwa mawawa a madzi a mathithi masiku onse, anaganiza kuti pano mitengo idzathiriridwa popanda munthu. Anasankha malo osanyowa kopambana, nabzala nthanga ngati 100 za mapicesi ndi za zipatso zina zofanana nao zochedwa apricot, ndi njere za khofi. Anapangana ndi munthu wina wa Amakololo kuti amange mpanda, pakuti anaona mapazi a mvuu. Atatha analemba zilembo zoyamba za dzina lace ndi caka ca 1855 pa mtengo. Cifukwa ca mundawo cilumbaco cinachedwa Garden Island, ndipo lero cichedwa Livingstone Island.

Pocoka pamenepo anakwera mtunda wa Atonga, napeza minda ya mapira, cimanga ndi nsawa, ndi mitengo yambiri ya zipatso za m'thengo, monga masuku. Midzi yambiri inatulutsa ufa ndi nsawa kudyetsa khamu lonse lija. Anafika ku Tete m'mwezi wa Marici 1856, nasiya Amakololo kumeneko, natsiriza ulendo ku Quelimane pa 20 Meyi. Motero anadutsa Afrika kucokera ku nyanja ya kumadzulo kufikira ku nyanja ya kum'mawa.

Minda ya ku Shire

Ku England anamlandira ndi ulemu waukulu. Iye anauza anthu kuti malonda a akapolo adzatha ngati alimi a ku Afrika apeza njira yogulitsira thonje ndi mbeu zao, pakuti munthu wolima apindulitsa dziko lace koposa munthu wogulitsidwa. Boma linamtumanso m'caka ca 1858 kuti ayese kuyendetsa sitima pa Zambezi, koma mathithi a Cahora Bassa anatseka njira. Cifukwa cace anapatukira ku mtsinje wa Shire, nafika ku nyanja ya Malawi m'mwezi wa Sepitembala 1859. M'dziko la Amang'anja anaona amuna, akazi ndi ana ali kuminda, ndipo anacita cidwi ndi mapira, mawere, nyemba, nsawa, maungu ndi thonje zimene anali kulima.

M'caka ca 1860 anaperekeza Amakololo amene anafuna kubwerera kwao, nafikanso ku Mosi-oa-Tunya m'mwezi wa Ogasiti. Anaolokera pa cilumba cija kukaona munda wace, koma sanapeze kanthu. Mvuu zinaononga zonse. Iye sanataye mtima. Anamanga mpanda wolimba, nabzalanso malalanje, khofi ndi mtedza wa mumtengo wochedwa cashew, ngakhale anadziwa kuti mvuu sizicedwa kubwera. Mundawo sunakhalitse.

Zaka zotsatira zinali za cisoni. Mkazi wace Mary anamwalira ndi malungo ku Shupanga pa 27 Epulo 1862. Caka comweco mvula inasowa ku Shire, ndipo ogwira akapolo anatentha midzi ndi nkhokwe. Anthu othawa nkhondo sakhoza kulima, ndipo wakudya mbeu yace yobzala alibenso cobzala mvula ikagwa. Pokwera mtsinjewo kuciyambi kwa 1863 Livingstone anapeza mabwinja pamene panali midzi ija, ndi mitembo irikuyandama pamadzi. Boma linamuitana kuti abwerere, ndipo anafika kwao m'caka ca 1864.

Ulendo wotsiriza

M'caka ca 1866 anabweranso kudzafuna magwero a mtsinje wa Nile. Anazungulira kumwera kwa nyanja ya Malawi, napyola dziko la Acewa, naoloka Luangwa m'mwezi wa Disembala. Kutsidyako nkhondo zinali zitapululutsa midzi, ndipo cakudya sicinagulike. Mbuzi zace za mkaka zinatayika. Anali kudya ufa wocepa wa mawere ndi bowa, namanga lamba wace mothina kuti aletse njala. Khofi atatha anali kukazinga mawere ndi kuwawiritsa m'malo mwace. Usiku anali kulota cakudya. M'mwezi wa Janyuwale 1867 amtengatenga awiri anathawa ndi bokosi la mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo thupi lace silinalimbenso.

Komabe anayenda zaka zina 6. Anaona nyanja za Mweru ndi Bangweulu, nalowa m'dziko la Manyema, kumene mano ace ambiri anagwedera cifukwa ca kukukuta cimanga colimba. Ku Nyangwe, m'mwezi wa Julayi 1871, anaona ocita malonda a akapolo alikuombera anthu pamsika, ambiri a iwo akazi odzagulitsa zakudya. Kumapeto kwa caka cimeneco Henry Stanley anampeza ku Ujiji atatheratu, namdyetsa kufikira anapezanso mphamvu. Stanley anamdandaulira kuti apite kwao, koma iye anakana.

Anabwerera ku madambo a Bangweulu m'nyengo ya mvula, alikudwala kamwazi. M'mwezi wa Epulo 1873 sanathenso kuyenda, ndipo anthu ace anamnyamula pa macila. Anatuma anthu kukagula mbuzi za mkaka, koma sizinapezeke. Tsono anapempha akazi awiri a pa ulendowo kuti amsinjire mapira pamodzi ndi nsawa. Akaziwo anasinja, nabwera naco cakudyaco, koma iye sanathe kudya. Patapita masiku owerengeka, mbandakuca wa pa 1 Meyi 1873, anampeza atagwada pambali pa kama wace m'mudzi wa mfumu Chitambo, atamwalira. Anali ndi zaka 60.

Anthu ace, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo wa mpundu, umene ena amati muula; zipatso zace zidyedwa, ndi maso a m'nthanga zace omwe. Jacob Wainwright analemba dzina lace pa mtengowo. Mtembo anauumika ndi mcere padzuwa, naunyamula miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo, m'mbali mwa nyanja yamcere. Unaikidwa ku Westminster Abbey, mu London, pa 18 Epulo 1874.

Zimene zinatsala

Makalata ace ena ndi zipangizo zace zisungidwa m'nyumba ya zakale ya Livingstone Museum, imene inayamba m'caka ca 1934. Alendo amapita ndi bwato ku cilumba cija madzi akacepa, koma mapicesi ndi khofi palibe.

Nkhani ya mundawo siitanthauza kuti mbeu zacilendo sizikhala m'dziko lino. Mapira, mawere, mcewere, khobwe ndi nzama ndizo mbeu za makolo a mu Afrika. Koma cimanga, nsawa ndi cinangwa zinacokera ku America, zinaoloka nyanja m'zombo zaka mazana angapo zapitazo. Izo zinakhala cifukwa alimi anazilandira, nazipalira, nazichinga, nasunga mbeu caka ndi caka. Munda wa pa cilumba unali ndi madzi okwanira, koma unalibe mwini wakuulonda.

Kufikira lero anthu a m'dziko la mcenga lozinga mzinda wa Livingstone amatola mtedza wa mungongo ndi kuyengamo mafuta, ndipo alimi a ku Chipata adziwika ndi nsawa zazikulu za Chalimbana. Dzina la mlendo uja liri pa mzinda, pa cilumba ndi m'mabuku. Maina a akazi ambiri amene anampera ufa ndi kumkazingira nsawa sanalembedwe, koma popanda nkhokwe zao iye sakadafika ku Luanda, kapena ku Mosi-oa-Tunya, kapena ku Quelimane.

Mafunso

1. Kodi ncifukwa ninji Livingstone anacoka ku Kolobeng?
2. Anazindikira ciani za cinangwa ndi nsawa pa ulendo wocokera ku Luanda?
3. Chulani mbeu zitatu zopatsa mphamvu, zitatu zomanga thupi, ndi ziwiri za mafuta.
4. Anasankhiranji cilumba ca pa mathithi kuti abzalepo mitengo? Nanga cinaononga mundawo nciani?
5. Fotokozani umo nkhondo ibweretsera njala.
6. Lembani maina a mbeu zonse zimene zisungidwa m'nkhokwe za kwanu, ndi kunena umo aisungira mbeu yobzala.